Nkhunzi ya m'Bwalo Ilibe Kothawira

Ng'ombe siidziwa kuti nsalu ija ndi yofiira. Maso a ng'ombe sasiyanitsa cofiira monga acitira maso athu. Cimene ciputa nkhunzi ndi kugwedezeka kwa nsalu, ndipo ngakhale ikadakhala yoyera kapena yakuda, ikadaigunda cimodzimodzi. Nanga kufiirako nkwa yani? Nkwa anthu okhala pa mipando. Ndi mtundu umene makolo ao anauzolowera, ndiponso magazi akadonthera pa nsalu yofiira saoneka kwambiri.

Ndikukamba za masewera a ku Spain, acinyamata anzanga, m'mene munthu alimbana ndi nkhunzi pamaso pa khamu kufikira ataipha. Eni ake awacha corrida. Acitikanso ku Portugal, kumwera kwa France, ku Mexico, ku Peru ndi maiko ena ocepa. Konseko anthu agawikana pawiri. Ena ati ndi mwambo wa makolo, ndipo ena ati ndi nkhanza cabe. Mau awiriwa si acilendo kwa ife. Timaponyerana omwewa m'magulu athu pokamba za cinamwali, za cokolo ndi zina zotere, ndipo kawirikawiri amene wayamba kuchula liu lakuti mwambo aganiza kuti watseka pakamwa pa anzake onse.

Tisanaweruze tiyeni tilowe m'bwalomo, pakuti ambiri a ife tinangoona cithunzi ca mnyamata wobvala zonyezimira atagwira nsalu.

Bwalo lochuka koposa liri mu mzinda wa Madrid, dzina lake Las Ventas. Linatsegulidwa mu 1931 ndipo mulowa anthu ngati 23,000. Masewera ayamba dzuwa litapendeka. Pakhala akatswiri atatu, ochedwa matador, ndi nkhunzi zisanu ndi imodzi, aliyense ziwiri. Nkhunzi iriyonse ikhala ya zaka zinai kapena zisanu, yolemera ngati makilo 500, yoleredwa m'chire lalikulu mwa ufulu. Malamulo ao akuti isakhale itaonapo kale munthu woyenda pansi akuiputa ndi nsalu. Cifukwa cake ncosabvuta kumva: ng'ombe siicedwa kuphunzira. Ikazindikira kuti kuseri kwa nsalu kulibe kanthu, isiya nsalu ndi kulunjika munthu. Masewera onse aimira pa kusadziwa kwa nyamayo, ndiye cifukwa cake nkhunzi siilowa m'bwalo kawiri.

Ikatulukira, ayamba aiyesa ndi cinsalu cacikulu ca mawanga awiri, kuti aone m'mene igundira. Kenaka alowa munthu wokwera pa kavalo, wochedwa picador, ali ndi mkondo wautali. Kavaloyo ammanga kumaso ndi kumbveka cofunda cokhuthala. Nkhunzi ikagunda kavalo, wokwerayo aibaya pa mnofu waukulu wa kuseri kwa khosi. Colinga cake sikupha iai. Afuna kuti mnofuwo ufooke, magazi ataike, mutu ugwe pansi. Akacoka iye abwera ena oyenda pansi ndi timitengo tokongoletsedwa ndi mapepala, tokhala ndi nsonga yonga mbedza ya nsomba. Atibaya tiwiritiwiri katatu, ndipo titsala tikulendewera pa msana, tikugwedezeka nkhunzi ikamathamanga.

Apo mpamene matador atsala yekha ndi kansalu kofiira kaja ndi lupanga. Aimirira nji, naiitana nkhunzi kuti ipite pafupi penipeni ndi thupi lake, kubwereza ndi kubwereza, khamu likufuula. Potsiriza alowetsa lupanga pakati pa mapewa. Akalasa bwino nkhunzi siicedwa kugwa. Koma nthawi zambiri lupanga ligunda fupa, ndiye abwereza kawiri, katatu, mwina kuposa apo, mpaka wina aimalize ndi mpeni kuseri kwa mutu. Anthu akakondwa akupiza timipango toyera, ndipo mkulu wa bwalo alamula kuti matador apatsidwe khutu la nkhunziyo. Mtembo aukoka kunja, asalaza mcenga, natsegulira ina. Zonsezi zitenga ngati mphindi 20. Nyama ipita kwa ogulitsa. Mwa apo ndi apo khamu lipempha kuti nkhunzi yolimba mtima koposa ikhululukidwe ndi kubwerera kwao, koma izi ndi za kamodzikamodzi.

Ine ng'ombe ndizidziwa. Ndinakulira kubusa ca ku Katete, ndipo palibe mbusa wa kumeneko amene sanaonepo nkhunzi ziwiri zikumenyana. Makola awiri akakumana ku dambo, nkhunzi ziyamba kulira capansipansi, kupalasa fumbi ndi kukumba culu ndi nyanga. Ife anyamata tinali kukwera pa culu cina, aliyense akutama ya kwao. Zikagundana mitu phokoso linali kumveka kutali, ndipo mtima unali kugunda ngati ndiwe wemwe uli pankhondopo. Cifukwa ca ici sindinyoza munthu wa ku Madrid amene akuti magazi ake amatentha akaona nkhunzi ikutulukira. Kutenthako ndikudziwa.

Koma ku dambo kuja ndeu inali kutha mwa njira imodzi. Nkhunzi imene yaona kuti mnzake wailaka inali kutembenuka, mcira m'mwamba, ulendo wa kuthengo. Yopambana inali kuipitikitsa pang'ono cabe, nkubwerera kukadya msipu. Madzulo zonse ziwiri zinali kulowa m'makola ao. Pamene ndinaonerera corrida yathunthu pa intaneti, cimene cinandigwira mtima sicinali magazi, pakuti magazi a ng'ombe ndawaona pa maliro ndi pa maukwati. Cinali nkhunzi ina imene, itabayidwa koyamba, inathamanga kubwerera ku khomo kumene inalowera, nkupeza potseka. Inaima pamenepo ikuyang'ana thabwa. Anthu anayamba kuiimbira miluzu ya cipongwe, cifukwa kwa iwo nkhunzi yofuna kucoka ndi yamantha. Kwa mbusa, imeneyo ndi ng'ombe yanzeru.

Okonda mwambowu si zitsiru, ndipo mau ao ayenera kumveka. Iwo akuti nkhunzi ya corrida ikhala zaka zinai kapena zisanu m'chire la mitengo ndi msipu, yosamangidwa cingwe, yosafulidwa, yosakoka pulawo, ndipo ibvutika mphindi 20 cabe pa mapeto. Afunsa kuti, nanga ng'ombe zija zonenepetsedwa m'makola opanikiza ndi kuphedwa zikali zazing'ono, zimene nyama yake mudya osafunsa, moyo wabwino ndi wa iti? Funso ili liluma ndithu. Akutinso mtundu wa ng'ombe zaukalizi usungidwa kaamba ka masewerawa, ndipo akatha palibe mlimi adzaweta nyama yoopsa yotere. Anenanso za anthu amene adyera m'menemo: oweta, osoka zobvala, oimba malipenga, eni mahotela. Kwa iwo ici si mpikisano ngati mpira. Manyuzipepala a ku Spain aika nkhani zake pa masamba a za luso, pamodzi ndi nyimbo ndi zisudzo. Akatswiri ojambula monga Goya ndi Picasso anajambula nkhunzi za m'bwalo kambirimbiri.

Ndipo munthuyo aikadi moyo wake pa ciswe. Mu Julaye 2016 matador wa zaka 29, Víctor Barrio, anabayidwa pa cifuwa ndi nyanga mu mzinda wa Teruel, namwalira anthu akuona pa wailesi ya kanema. Caka cotsatira Iván Fandiño anafa cimodzimodzi ku France. Amene akuti matador ndi wamantha alakwa. Cokha ncakuti iye analowa m'bwalo mwa kufuna kwake, atasaina pangano la malipiro, pamene nkhunzi anacita kuibweretsa pa lole.

Mwina simudziwa kuti masewerawa anafikako kwa anansi athu. Apwitikizi anamanga bwalo la nkhunzi mu Lourenço Marques, amene lero ndi Maputo, m'zaka za m'ma 1950. Mnyamata wina wa m'komboni ya Mafalala, Ricardo Chibanga, anaphunzirira pamenepo, napita ku Ulaya, ndipo mu 1971 analandiridwa kukhala matador mu mzinda wa Sevilla. Anachuka monga matador woyamba wakuda wocokera mu Africa, ndipo anamwalira ku Portugal mu 2019. Koma Mozambique atalandira ufulu mu 1975 masewerawa anatha. Cinyumba cinatsala, nkhunzi sizilowamonso. Ku Peru, kumene Aspanya anawatengera kale kwambiri, anamera mizu, ndipo bwalo la Acho mu Lima liripo kucokera mu 1766. Cinthu cimodzi comweco, kwina cinapita pamodzi ndi atsamunda, kwina adzukulu a anthu olamulidwa akucicha ca makolo ao. Ndikaganiza izi ndiona kuti liu lakuti mwambo litiuza za utali wa nthawi cabe. Silitiuza ngati cinthuco ncabwino.

Mpingo nao unalowamo mu mkanganowu, ndipo si dzulo. Pa 1 Novembala 1567 Papa Pius V analemba kalata yoletsa masewera a nkhunzi. Anaopseza kucotsa mu mpingo mafumu owalola, ndipo analamula kuti wofera m'bwalo asaikidwe ndi mwambo wa cikhristu. Mfumu Philip II ya ku Spain, Mkatolika wolimbika ndithu, inadziwa anthu ake ndipo siinafune kuti lamulolo ligwire nchito m'dziko lake. Mu 1575 Papa Gregory XIII analifewetsa, ndipo mu 1596 Clement VIII analifewetsanso. Mwambo unalaka kalata ya Papa. Kufikira lero nyengo zazikulu za corrida zichedwa maina a oyera mtima: San Isidro ku Madrid mwezi wa Meyi, San Fermín ku Pamplona kuyambira pa 6 kufika pa 14 Julaye, kumene anthu athamanga m'miseu nkhunzi ziri pambuyo. Mabwalo akuluakulu ali ndi kacipinda kopemphereramo, m'mene matador agwada asanatuluke.

Kunena zoona, Pius V sanali kulirira ng'ombe kwenikweni. Nkhawa yake inali pa anthu: amene anali kufa cabecabe, ndi amene anali kukondwa poonerera. Koma funso laciwirili ndilo sindiliiwala. Kodi cicitika nciani mumtima mwa munthu amene walipira ndalama, wakhala pa mthunzi ndi cakumwa m'manja, ndipo akuombera m'manja colengedwa cikusanza magazi? Nanga mwana amene wakhala pambali pake akuphunzirapo ciani?

Pali nkhani imodzi m'mbiri ya corrida imene okonda mwambo sakonda kuikumbutsidwa, ndiyo ya akavalo. Kale kavalo wa picador analibe cofunda cija. Nkhunzi inali kum'ng'amba mimba, matumbo nkumakokeka pa mcenga, ndipo pa masiku ambiri akavalo ofa anali kuposa nkhunzi. Makolo a Aspanya a lero anaonerera zimenezo kwa mibadwo, nati ndi mbali ya mwambo. Mu 1928 boma linalamula kuti akavalo azibvekedwa. Analipo odandaula kuti masewera aonongeka. Sanaonongeke, ndipo lero simungapeze wokonda corrida amene afuna kuti matumbo a akavalo abwerere. Zimene agogo anaziona ngati zosapeweka, mdzukulu sangathe nkuziyang'ana komwe. Ngati cifundo cinafika pa kavalo mwambo osafa, sindiona cifukwa cakuti ciimire pomwepo ngati kuti cafika pa mpanda.

Apa mpamene ine ndiima. Kupha ng'ombe si nkhanza mwa iko kokha. Agogo anga aamuna anali kupha ng'ombe pa maliro, ndipo mnyamata wogwira mpeni wobuntha anali kumlanda ndi mau akuthwa, cifukwa kwa iwo kucedwetsa imfa ya ciweto kunali manyazi a mudzi. Mu corrida zinthu zatembenuka. Kucedwako ndiye masewera ake. Mkondo, mbedza, kutaya magazi, kufooka pang'onopang'ono, zonsezi si ngozi zogwa panjira. Ndizo zipangitsa kuti munthu athe kuima pafupi ndi nyanga ndi kuoneka wokongola. Eni ake anabvomereza okha mu Malichi 2025, pamene nyumba ya malamulo ya Mexico City inabvota 61 kwa mmodzi kuti masewera apitirire koma popanda kubaya kapena kupha. Oweta ndi akatswiri anakana, nati yopanda magazi si corrida. Ananena zoona, ndipo ndi cifukwa comweco ine sindingaiyanje. Njira ya ku Portugal nayo siindikhutiritsa. Kumeneko, kupatula malo ocepa monga mudzi wa Barrancos, nkhunzi siiphedwa pamaso pa anthu, koma mbedza zija aibaya ndithu, ndipo zambiri ziphedwa pambuyo pake kuseri. Amene apumula pamenepo ndi maso a oonerera.

Ndidziwa kuti wina m'gulu lanu waimika kale dzanja: nanga Nc'wala? Funso labwino, ndipo tisalizembe. Caka ndi caka, kumapeto kwa Febuluwale, ku Mtenguleni kufupi ndi Chipata, nkhunzi yakuda ibayidwa ndi mkondo pamaso pa khamu, ndipo Inkosi ya Makosi Mpezeni ilawa magazi ake. Mwambowu unalekeka Angoni atagonjetsedwa ndi Angelezi mu 1898, ndipo unauka mu 1980. Anthu amene analandidwapo mwambo wao ndi mfuti ali ndi cifukwa comveka cokwiyira mlendo akabwera kudzawaphunzitsa za cifundo. Abale ao a ku South Africa anakumana nazo mu 2009, pamene bungwe la Animal Rights Africa linapita ku khoti la Pietermaritzburg kukaletsa mwambo wa Azulu wa Ukweshwama, m'mene anyamata apha nkhunzi ndi manja okha. Khoti linakana pempholo, ndipo Azulu ambiri anauona mlanduwo ngati cipongwe.

Monga ndionera ine, Nc'wala ndi corrida sizifanana. Ku Mtenguleni anthu sanabwerere kudzaona m'mene nkhunzi ibvutikira. Abwera kudzathokoza kaamba ka zipatso zoyamba za m'munda, nkhunzi iperekedwa kamodzi, ndipo nyama idyedwa pomwepo. Mutafupikitsa imfa yake kufika pa kamphindi, Nc'wala ikhalabe yathunthu. Mutacita comweco ku Madrid, anthu afuna ndalama zao. Koma muyeso umene ndayesera Aspanya sindingaubise m'thumba pofika kwathu. Kulikonse kumene nyama icedwetsedwa kufa, kaya ndi pa mwambo wa Azulu, kaya pa wathu, funso liripo, ndipo ndi bwino kuti alifunse ndi ana a mudzi omwe, m'cinenero cao, osadikira wakunja. Paja akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma sanati mwini mutu azigona pometedwa.

Komanso anyani sasekana zikundu. Tisanaloze cala ku Spain tiyang'ane khosi la ng'ombe yathu ya pa ngolo mwezi wa Disembala, zilonda za joko nchenche ziri ng'waa, cikoti cikulira kuyambira m'mamawa kufikira dzuwa pamutu. Tiyang'ane mbuzi zitatu zomangidwa pa njinga imodzi, mitu ikulendewera ku sipoko, ulendo wa ku msika. Izi palibe aziombera m'manja, ndi zoona, ndipo zambiri zicokera ku umphawi ndi kufulumira kwa mvula. Koma cilamulo ca Mose cinawerengera ng'ombe ndi bulu pa opumula tsiku la Sabata, ndipo amene anapatsidwa lamulolo sanali olemera kuposa ife.

Nkhani ya ku Catalonia, cigawo ca Spain cimene likulu lake ndi Barcelona, ionetsa kuti ngakhale oletsa sakhala oyera nthawi zonse. Anthu 180,000 anasaina pempho, ndipo pa 28 Julaye 2010 nyumba yao ya malamulo inaletsa corrida, mavoti 68 kwa 55. Koma patangopita miyezi iwiri nyumba yomweyo inateteza masewera a m'midzi yao ochedwa correbous, m'mene nthawi zina amangirira moto ku nyanga za nkhunzi ndi kuithamangitsa usiku. Ambiri a ku Catalonia safuna kulamulidwa ndi Madrid, ndipo corrida aiona ngati ya Aspanya, pamene moto wa ku nyanga ndi wao. Nkhanza ya mnansi ioneka msanga. Boma la Spain linabwezera mu 2013 ndi lamulo lakuti corrida ndi cuma ca mtundu coyenera kutetezedwa, ndipo mu 2016 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linafafaniza ciletso ca Catalonia.

Pamene andale anali kukokanakokana, anthu wamba anali kuyankha ndi mapazi. Pakati pa 2007 ndi 2019 ciwerengero ca masewera a nkhunzi m'mabwalo a Spain cinatsika kupitirira theka. Mu 2024 unduna wa za cikhalidwe unacotsa mphotho ya dziko imene unali kupereka kwa akatswiri a corrida. Caka comweco Colombia anakhazikitsa lamulo loletsa, napereka zaka zitatu, kufikira 2027, kuti amene adyera m'menemo apeze pogwira pena. Sindikuti mwambowu wafa. Pa nyengo ya San Isidro bwalo la Madrid lidzazabe, ndipo pakati pa okhalamo pali anyamata ndi atsikana a msinkhu wanu, ena a iwo obwera dala cifukwa amva kuti cinthu ca kwao cikunyozedwa.

Ku Barcelona bwalo lalikulu la La Monumental likali ciimire, ndi zipupa zake za njerwa ndi nsanja zake. Nkhunzi yotsiriza inaphedwamo pa 25 Seputembala 2011. Kucokera pa ciweruzo ca 2016 khoti linatsegula njira yakuti masewera abwerere, koma eni bwalolo sanaitanitsenso nkhunzi ina.